Mmene mungawerengere ulosi wa nyengo wa sabata ndi kuzindikira mvula imene ikubwera

Chaka china ndinabzala chimanga ndi chizimalupsa. Inali sabata yomaliza ya Okutobala, dzuwa litatiwamba mwezi wathunthu. Tsiku lina masana kunachita mdima, mabingu anagunda, mvula n'kukhuthuka pafupifupi ola limodzi. Fungo la dothi lonyowa linandikoka mtima. M'mawa mwake ndinatenga mapaketi awiri a mbewu amene ndinagula nditagulitsa mtedza, n'kubzala munda wonse wa kuseri kwa nyumba. Mbewu inamera bwino ndithu. Kenako kumwamba kunayera mbee masabata atatu, tichimanga tija tinapota masamba, tinafota, mpaka tinauma ine ndikuona. Chimene chimandiwawa mpaka lero n'chakuti sabata yomweyo pa wailesi anali atanena kuti mvulayo si yobzalira. Mawuwo ndinawamva, koma sindinadziwe chochita nawo.

Ambirife timamvera zanyengo kuti tingodziwa ngati igwe kapena ayi. Funso limenelo ndi laling'ono. Mvula ili ndi mitundu, ndipo mtundu uliwonse uli ndi ntchito imene umalola ndi imene umaononga. Ulosi wa sabata umapindula pamene mwadziwa mtundu wa mvula ikubwerayo n'kuyala ntchito zanu motsatira. Nazi njira zimene ndimatsata kuchokera chaka chimene chija.

Yambani ndi kupeza ulosi weniweni

Sankhani tsiku limodzi, ine ndimakonda Lamulungu madzulo, loti mukhale pansi ndi ulosi wa masiku akubwerawo. Ku Malawi kuno ntchito yolosera nyengo ndi ya nthambi ya boma yoona za kusintha kwa nyengo ndi zanyengo, imene likulu lake lili ku Blantyre. Imatulutsa ulosi wa tsiku ndi tsiku, wa masiku angapo akutsogolo, komanso wa dzinja lonse mvula isanayambe. Mumaumva pa MBC ndi pa wailesi zina, kuphatikizapo za m'madera, ndipo umaikidwanso pa tsamba lawo la Facebook.

Uthenga wa zanyengo ukakufikani pa WhatsApp, chinthu choyamba kuona ndi deti. Chenjezo la namondwe wa chaka chatha limatha kuzunguliranso m'magulu ngati latsopano, anthu n'kuchita mantha pachabe, ndipo tsiku limene chenjezo lenileni labwera amalinyozera. Ngati uthengawo ulibe deti kapena dzina la amene wautulutsa, musautumize kwa ena.

Tizithunzi ta dzuwa ndi mitambo ta pa foni tingakuthandizeni, koma dziwani kuti timachokera ku makompyuta amene amawerengera dziko lonse lapansi m'zigawo zikuluzikulu. Phiri la kwanu ndi dambo la kumunsi kwake amaziona ngati malo amodzi.

Kenako pezani dera lanu mu ulosiwo

Olosera satchula mudzi uliwonse. Amanena za madera a m'mphepete mwa nyanja, chigwa cha Shire, madera okwera a kummwera, zidikha za m'chigawo chapakati, mapiri a kumpoto. Dziwani gulu lanu. Dedza ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600 kuchokera pa nyanja yamchere, pamene Nsanje siifika ngakhale mamita 100, ndiye tsiku lomwelo wina wavala juzi, wina akusowa pothawira kutentha. Mulanje, Thyolo ndi Nkhata Bay amalandira mvula yambiri chifukwa mpweya wachinyontho ukagunda phiri umakwera, umazizira, n'kukhetsa madzi mbali imene wachokera. Kuseri kwa phirilo kumatsala kouma.

Ngati mumakhala kumunsi kwa mtsinje, mverani za madera awiri: kwanu ndi kumene mtsinje wanu umachokera. Munthu wa ku Nsanje ayenera kudziwa zimene zikuchitika ku Mulanje, chifukwa madzi a Ruo amafika kwa iye ngakhale kwawo kusanagwe dontho.

Tsopano funsani: ndi mvula yanji?

Apa ndiye pagona nkhani, choncho tiyende pang'onopang'ono.

Chizimalupsa ndi mvula ya kumapeto kwa chilimwe, kawirikawiri mu Okutobala kapena kuchiyambi kwa Novembala. Dzina lake likunena ntchito yake: imazimitsa lupsa, kutsuka phulusa la tchire lopsa. Imabwera chifukwa nthaka yatentha kwambiri, mpweya wotentha wakwera msanga n'kupanga mtambo umodzi wautali. Imagwa mwamphamvu, malo ochepa, nthawi yochepa. Mudzi uno kunyowa, mudzi woyandikana fumbi lili kobo. Ndi mvula yokuuzani kuti malizani mizere, folerani nyumba, gulani mbewu. Mbewuyo ikhale kaye m'nyumba.

Mvula ya mabingu ya masana ndi m'bale wake wa chizimalupsa, koma imagwa dzinja lonse. M'mawa kumacha bwino, cha m'ma 10 koloko timitambo toyera tayamba kutukumuka, pofika 2 koloko tasanduka chimtambo chakuda kumunsi, chophwatalala pamwamba. Pa wailesi akati "mvula ya mabingu m'madera ena masana ndi madzulo", akunena imeneyi. Tanthauzo lake kwa inu n'lakuti m'mawa ndi wanu. Chapani, yanikani, pitani kuchigayo, koma pofika masana zonse zikhale pafupi ndi khonde. Mvula imeneyi imatsogozedwa ndi mphepo yamkuntho imene imasasula madenga, ndiye malata osakhomeka bwino akhomeni lero.

Matalala amabadwira mu mtambo womwewo. Mpweya wokwera mwamphamvu umanyamula madontho kupita nawo kumwamba kozizira kwambiri, amaundana, amakutidwa ndi madzi ena n'kuundananso, mpaka kulemera kwake kuposa mphamvu ya mpweyawo. Sagwa nthawi yaitali, mwina mphindi zisanu kapena khumi, koma mlimi wa fodya amadziwa kuti mphindi zimenezo zikhoza kubowola masamba a munda wonse. Palibe amene angakuuzeni sabata isanayambe kuti matalala agwa pamudzi panu Lachinayi. Chimene mungachite n'chakuti, akachenjeza za mabingu amphamvu kutatentha kwambiri, phimbani nazale ndi udzu wokwezeka pa timitengo, lowetsani anapiye ndi ana a mbuzi, ndipo ana asakhale pabwalo.

Mvumbi ndi wosiyana kotheratu. Kumwamba kumatseka konse ndi mtambo wotuwa, popanda mabingu ambiri, mvula n'kumagwa mosalekeza tsiku lonse, kugona, kudzuka ikadalipo, nthawi zina masiku atatu kapena kuposa. Umakonda kubwera pakati pa dzinja, kuyambira Disembala mpaka Febuluwale, pamene lamba wa mvula amene a zanyengo amamutcha ITCZ wakhazikika pamwamba pa dziko lathu. Lamba ameneyu ndi malo amene mphepo zochokera kumpoto ndi kummwera zimakumana n'kukankhira chinyontho m'mwamba. Mukamvanso kuti kwalowa mpweya wochokera ku Congo, yembekezani mvula yofalikira madera ambiri, chifukwa mpweya umenewo umabwera utasenza chinyontho cha nkhalango za kumeneko. Mvumbi umalowa pansi bwino kuposa mvula ina iliyonse, zitsime zimadzaza nawo. Koma umanyowetsa zipupa za zidina mpaka kugwa, umagumula zimbudzi, nkhuni zimakana kuyaka, ndipo udzu m'munda umakula inu mukulephera kupalira. Ukanenedwa kuti ukubwera, sungani nkhuni zouma ndi ufa wokwanira masiku angapo, ndipo lambulani ngalande yozungulira nyumba kuti madzi asaime m'tsinde mwa khoma.

Chiperoni ndi mvula yowaza ya nthawi yozizira, kuyambira Meyi mpaka Ogasiti. Dzinali linachokera ku phiri la Chiperone ku Mozambique, chakummwera kwa Milange, mbali imene mitamboyo imatulukira. Mpweya wozizira wachinyontho wochokera ku nyanja ya Indian umakwera mapiri a Mulanje, Thyolo, Blantyre ndi Zomba, n'kubweretsa nkhungu ndi mawawa osatha masiku awiri, atatu, nthawi zina sabata. Tiyi wa ku Thyolo ndi Mulanje amakondwa nacho. Woyanika chimanga, mtedza kapena makaka amalira nacho, chifukwa mawawawo saoneka ngati mvula koma amanyowetsa chilichonse, ndipo mtedza wonyowa ukaunjikidwa umachita chuku chimene chili poizoni m'thupi la munthu. Mpweya womwewo ndi umene umadzutsa mwera panyanja.

Namondwe ndiye mvula yosafuna kukambirana. Amabadwira pa nyanja ya Indian, amalowera ku Mozambique, ndipo zotsala zake zimafika kwathu, makamaka kummwera, pakati pa Januwale ndi Malichi. Tinaona mvula yokhudzana ndi Idai mu Malichi 2019. Tinaona namondwe wotchedwa Ana mu Januwale 2022, amene anaononga damu la Kapichira magetsi n'kuvuta miyezi yambiri. Mu Malichi 2023 Freddy anagwetsa mvula masiku angapo osakata, matope ndi miyala zinatsika m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe, ndipo anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa m'chigawo chakummwera. Ubwino umodzi wokha wa namondwe ndi wakuti amaoneka akadali kutali. Mwa zonse zimene ulosi wa sabata umanena, iyi ndi imene imadziwika masiku angapo isanafike.

Mame, nkhungu ndi chisanu sizigwa kuchokera kumitambo ngati mvula, koma muziziwerengera. Usiku wa mu Juni kapena Julayi, kumwamba kukayera nyenyezi zili mbuu, popanda mphepo, kuzizira kumatsikira m'madambo, ndipo ku Dedza, ku Nyika ndi madera ena okwera chisanu chimawaula tomato ndi mbatatesi za kudimba. Phimbani ndi udzu madzulo, vundukulani dzuwa likatuluka. Nkhungu ya m'mawa pa msewu wa M1 cha ku Dedza kapena ku Chikangawa ndi chifukwa chokwanira chochedwetsera ulendo. Chipale chofewa kwathu sichigwa. Abale athu a ku Joni anachiona mu Julayi 2023, koma kumenekonso n'chachilendo, chimene amachidziwa bwino ndi matalala a m'chilimwe chawo.

Mvetsani manambala

Milimita imodzi ya mvula ndi lita imodzi ya madzi pa malo otalika mita imodzi mbali zonse. Pa hekitala imodzi, milimita yomweyo ndi malita 10,000. Mamilimita 2 kapena 3 amangopha fumbi. Mamilimita 10 amanyowetsa pamwamba. Akanena mamilimita 50 kapena kuposa pa tsiku limodzi, imeneyo ndi mvula yamphamvu, yoyenera kuganizira za milatho ndi mitsinje. Koma nambala yokha siikwanira: mamilimita 30 ogwa mphindi makumi awiri amathamanga pamwamba n'kukokolola nthaka, pamene 30 omwewo ogwa usiku wonse amalowa onse pansi.

Pa foni mumaonanso maperesenti. Akalemba 60 peresenti sakutanthauza kuti mvula igwa maola ambiri a tsikulo, kapena kuti ikhala yamphamvu. Akutanthauza kuti pa masiku khumi ofanana ndi limenelo, asanu ndi limodzi mvula imagwa. Anayi otsalawo siigwa, ndipo wolosera sananame. Mawu akuti "m'madera ochepa", "m'madera ena" ndi "m'madera ambiri" muwamvere mosamala, chifukwa ndi amene akukuuzani ngati mvulayo ili yapatalipatali kapena ya aliyense.

Dziwaninso kuti ulosi umafooka ukamapita kutali. Za mawa ndi mkuja mungazidalire kwambiri. Za tsiku lachisanu ndi chimodzi kapena lachisanu ndi chiwiri zitengeni ngati chithunzithunzi chabe. N'chifukwa chake ulosi wa Lamulungu uyenera kuonedwanso Lachitatu.

Khalani ndi choyezera chanu pakhomo

Izi n'zosavuta ndipo sizilira ndalama. Pezani chitini chimene kukamwa kwake n'kofanana kukula ndi pansi pake, chopanda khosi, cha pansi pophwatalala. Chiikeni pa chipika kapena pa njerwa pamalo a poyera, kutali ndi mtengo ndi denga, chitakhala chilili osapendekeka, ndipo chitchinjirizeni ndi miyala kuti mphepo kapena nkhuku zisachigwetse. M'mawa uliwonse nthawi yofanana, pisani kamtengo kouma kowongoka mpaka pansi, katulutseni, yezani ndi rula ya mwana wasukulu pamene panyowa. Sentimita imodzi ndi mamilimita 10. Lembani m'kope deti ndi nambala, tayani madziwo, bwezerani chitini.

Pakatha mwezi mudzayamba kuona mmene ulosi umakhalira kwanu. Mwina akati madera ena, kwanu imagwa nthawi zambiri chifukwa muli m'tsinde mwa phiri. Mwina imakulambalalani. Kope limenelo limasandutsa ulosi wa dziko lonse kukhala wa pakhomo panu.

Pa nkhani yobzala, chitini chiyende limodzi ndi khasu. Alangizi ambiri amawerengera mvula yobzalira ngati yafika mamilimita 25 kapena kuposa m'masiku awiri kapena atatu otsatizana, ndipo kutsogolo sikukuoneka ng'amba yaitali. Mukafikitsa nambala imeneyo, kumbani pa mzere. Chinyontho chifike kuya kwa chikhatho chonse kuchokera ku nsonga za zala mpaka pamfundo ya dzanja. Tapani dothi la pansipo, lifumbateni. Likaumbika osamwazika, ndipo ulosi ukunena kuti mvula ipitirira sabata imeneyo, bzalani osazengereza, chifukwa kuchedwa nakonso kumadya zokolola. Mukapeza fumbi louma pansi pa zala zitatu, dikirani, ngakhale anansi onse atuluke ndi mbewu. Kumbukirani kuti dothi lamchenga limanyowa msanga n'kuumanso msanga, pamene makande amafuna mvula yambiri kuti akhute koma amasunga nthawi yaitali.

Yalani ntchito za sabata

Tengani pepala, lembani masiku asanu ndi awiri, pambali pa lililonse lembani mawu amodzi: kouma, mabingu masana, mvumbi, mawawa. Kenako gawani ntchito.

Feteleza wobereketsa, makamaka yureya, amafuna dothi lachinyontho koma osati tsiku la chimvula. Mukathira pouma n'kumusiya pamtunda, mphamvu yake imauluka ndi dzuwa. Mukathira mvula yamphamvu ili pafupi, amakokoloka kupita kudambo. Tsiku labwino ndi lotsatira mvula yabwino, pamene kutsogolo kukuoneka mvula yapakatikati. Boolani ndi kamtengo pambali pa phando, thirani, kwirirani. Ndi mtengo umene thumba lafika masiku ano, kudikira masiku awiri si ulesi.

Mankhwala opopera, monga a ntchemberezandonda, amafuna maola angapo opanda mvula kuti agwire. Poperani m'mamawa kapena madzulo a tsiku louma, popanda mphepo. Kupalira kumafuna dzuwa la masana kuti udzu wozulidwa ufe, chifukwa wopalira pa mvumbi amangousamutsa udzuwo. Kuwokera fodya, mbatata kapena mitengo ndiye kumakonda masiku a mitambo.

Woumba njerwa, woyanika mphale pamphasa, woyanika usipa pathandala, womanga amene akufuna kuthira simenti, onsewa afunefune masiku awiri kapena atatu ouma otsatizana, ndipo pulasitiki yophimbira ikhale pafupi. Wa kabaza ndi wa geni yoyenda nayo m'misika akonze maulendo a misewu yafumbi kuchiyambi kwa tsiku. Ndipo sabata ya mvula yambiri ikadutsa, madzi akumwa muwawiritse kapena kuthira klorini, popeza zimbudzi zosefukira zimalowetsa kolera m'zitsime, monga tinaonera mu 2022 ndi 2023.

Chenjezo likabwera, ntchito zonse ziime

Mukaona ching'aning'ani, werengani masekondi mpaka mumve bingu, gawani ndi 3, mupeza makilomita amene mphenzi ili. Masekondi 15 ndi makilomita 5, ndipo pamenepo muli kale pangozi. Chokani m'munda, siyani khasu, tulukani m'madzi, musabisale pansi pa mtengo. Lowani m'nyumba kapena m'galimoto yotseka, ndipo dikirani mphindi 30 kuchokera pa bingu lomaliza. Aphunzitsi ndi makolo, mpira wa ana uime nthawi yomweyo, ngakhale mvula isanayambe kudontha.

Mtsinje wodzaza musawoloke. Madzi othamanga ongopitirira pang'ono m'kakolo akhoza kugwetsa munthu wamkulu, ndipo simungaone ngati mlatho wadyeka kunsi. Kugona kutsidya kwa achibale n'kwabwino.

Asodzi a ku Mangochi, Salima, Nkhotakota, Nkhata Bay ndi Karonga, chenjezo la mwera si loyesa nalo mphamvu za bwato. Nyanja imatha kuoneka bata madzulo pochoka n'kulusa pakati pa usiku.

Akalengeza za namondwe, ndipo mumakhala m'mbali mwa phiri, m'khwawa kapena m'chigwa chimene chinasefukirapo, samukani kukadali kowala, mvula isanalimbe. Akuluakulu anati madzi saiwala khwawa. Napolo amene anatsika ku Zomba mu Disembala 1946, ndi amene anachokera m'phiri la Michesi n'kusesa Phalombe mu Malichi 1991, anadutsa m'njira zimene madzi anadutsamo kale. Funsani agogo a m'mudzi mwanu kumene madzi anafika pa chigumula chachikulu chimene akuchikumbukira. Ikani ziphaso, mabuku a kuchipatala, mankhwala, tochi ndi foni yotchaja m'jumbo ya pulasitiki, gwirizanani pabanja sukulu kapena tchalitchi cha pamtunda chimene mukakumane, ndipo ganizirani msanga za okalamba, odwala ndi olumala amene sangathamange. Mverani a komiti yoona za ngozi m'mudzi ndi mauthenga a DoDMA, nthambi ya boma yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi. Mtsinje ukasintha mtundu mwadzidzidzi n'kuyamba kubweretsa mitengo, kapena mukamva mkokomo kuphiri, musabwererenso kukatenga katundu.

Lachitatu, onaninso

Pakati pa sabata mverani ulosi watsopano, yerekezani ndi kope lanu, konzani pepala lija. Onjezani ndi maso anu. Kutentha kwa chinyontho kosagonetsa usiku, anamzeze kuuluka chapansipansi, achule kuyamba phokoso kudambo, mphepo kutembenuka n'kuyamba kuchokera kumpoto, zonsezi makolo athu ankaziwerenga, ndipo zimanena za maola ochepa akubwerawo pamalo pamene mwaimapo. Wailesi imaona patali, kuseri kwa mapiri ndi kunyanja ya mchere kumene maso anu safika. Zikagwirizana, chitani molimba mtima. Zikasiyana, sankhani njira imene mukalakwitsa mutaya zochepa: kuanula chimanga mvula n'kusabwera ndi kutaya ola limodzi, kuchisiya panja n'kunyowa ndi kutaya nkhokwe.

Chitini changa chili pa chitsa cha mtengo wa mango pakati pa bwalo, ndipo amene amachiyeza m'mawa asanapite kusukulu ndi mdzukulu wanga. Chaka chatha chizimalupsa chitagwa anathamanga kudzandiuza kuti kamtengo kanyowa mamilimita 18. Tinapita limodzi kumunda ndi khasu, tinakumba, pansi pa zala zinayi panali fumbi. Mbewu inakhala m'nyumba mpaka mvula yobzalira itafika.